Wochokera kundende ya kunja amulandira ndani?

Mwana wa achemwali anga anafika pa depoti ya mabasi ya Mbare Musika, kuno ku Harare, m'bandakucha, atakwera basi yausiku yochokera ku Beitbridge, kumalire a Zimbabwe ndi South Africa, ndipo ine ndi amene ndinapita kukamuchingamira chifukwa mayi ake anati miyendo yawo siikanawafikitsa kumeneko. M'manja mwake munali jumbo imodzi yokha, momwe munali malaya awiri, mswachi ndi pepala limene anamupatsa pachipata losonyeza kuti wabwezedwa kuchokera ku South Africa. Anachoka kuno ali mnyamata wa thupi lake, wokonda mpira ndi nthabwala, ndipo anabwerako patatha zaka pafupifupi 10, zinayi mwa zakazo atazithera m'ndende ina ya m'chigawo cha Gauteng pa mlandu wothyola nyumba ndi kuba. Nditamupatsa moni ananyonyomala pang'ono monga tinamulerera, nati, "Amalume, ndabwera." Kenaka anangoti chilili kudikira kuti ndimuuze kolowera, chonsecho pa Mbare ndi pamalo pamene ankapitapo sabata iliyonse ali mwana, pokaoda tomato ndi mayi ake.

Patangotha miyezi isanu ndi iwiri kuchokera m'mawa umenewo, mnyamatayu anali atawolokanso mtsinje wa Limpopo popanda chiphaso, ndipo chaka chisanathe anali atamangidwanso. Nkhani itaphulika kwathu ku Mabvuku, pamodzi ndi zonse zimene tinkabisa, mawu amene anatuluka pakamwa pa anthu ndi omwe aja tonsefe timanena tikamva za munthu wotere, akuti ameneyo ndi kabwerebwere, ndende inamulowa m'magazi. Ine monga mwini mbumba ndakhala ndikusinkhasinkha za miyezi isanu ndi iwiri imeneyo kuposa zaka zinayi za ukaidi wake woyamba, chifukwa m'zaka zinayi zija anali m'manja mwa boma la eni, pamene m'miyezi imeneyi anali m'manja mwathu, akudya nsima ya m'nyumba mwathu, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Bambo athu anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, mayi n'kuwatsatira pambuyo pake, ndipo anagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu kufikira ukalamba. Monga matchona ambiri a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Highfield ndi Dzivarasekwa, chimene ankachiopa kuposa njala ndi kuchotsedwa ntchito chinali kufera kuchilendo popanda wowaika m'manda mwaulemu. N'chifukwa chake iwo ndi anzawo anayambitsa bungwe la maliro, limene mpaka lero timangolitchula kuti sosaite. Tsopano lili m'manja mwa ife ana awo, timakumana Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse tikaweruka ku tchalitchi, ndipo ntchito yake yatembenuka: kale linkaika m'manda anthu a ku Nyasaland amene afera kuno, lero limabweretsa kuno ana athu amene afera ku Joni.

Ndondomeko yake ndimaidziwa pamtima popeza ndakhala mlembi kwa zaka zingapo. Uthenga wa zovuta ukangofika, msungichuma amatsegula buku, amayi amasonkhana pasiwa ndi ufa ndi nkhuni, anyamata amakhoma tenti ndi kubwereka mabenchi, wina amatumidwa kukathamanga ndi mapepala, ndipo galimoto yokoka ngolo ya bokosi ikamayandikira mzinda pamakhala anthu oichingamira pamsewu waukulu wochokera ku Masvingo. Ngolo zina zotere sizithera kuno, zimangodutsa mu Harare kulowera ku Nyamapanda, Tete, mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, ndipo nazonso zimakapeza mudzi wonse ukudikira. Palibe amene amafunsa ngati malemuyo anali ndi pasipoti, kapena ngati anamwalira ali ndi mlandu. Amalandiridwa ndi nyimbo, ndipo anamfedwa sasiyidwa okha mpaka mwambo wonse utatha. Koma mwana wa achemwali anga, amene anabwera wamoyo kudzera pamsewu womwewo, anachingamiridwa ndi munthu mmodzi, mumdima, ndipo ndinalowa naye m'nyumba mozemba aneba asanadzuke.

Kwa zaka zinayi achemwali ankauza anthu kuti mwana wawo akugwira ntchito pafamu ya mphesa kufupi ndi Cape Town, kumene netiweki ya foni imavuta, ndipo ine ndinkalichirikiza bodzalo ndi kukhala chete kwanga. Atabwera tinagwirizana kuti tizinena kuti wabwera kudzapuma. Tinkaganiza kuti tikumuteteza, koma aliyense amene anakulira m'malokesheni a Harare akudziwa chimene munthu wochokera ku Joni amayembekezeredwa kukhala nacho: mafuta ophikira, sopo, mabulangete, foni yatsopano ndi ma rand m'thumba. Lamlungu lake loyamba ku tchalitchi amayi anamuzungulira ndi chimwemwe chenicheni, akumufunsa kuti, "Watitengera chiyani, mwanawe?" Anzake akale ankamudikira kuti awagulire chakumwa, ndipo wina anabwera kunyumba kudzamubwereka ndalama ya fizi ya mwana. Iye ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi, alibe ngakhale dola imodzi yokwerera kombi. Ku Mabvuku, kumene mipopi yakhala youma kwa zaka zambiri, anyamata ambiri amapeza ya sopo potungira anthu madzi pamijigo ndi kukankha zigubu pa wilibala, ndipo ganyu ameneyu akanamuyambitsa, koma munthu amene aliyense akumudziwa kuti wangobwera kudzapuma kuchokera ku Cape Town sangaoneke akukankha zigubu za eni. Bodza lathu linamutsekera khomo la ganyu, la kupempha ndi la uphungu, pakuti palibe amene angathandize munthu pa vuto limene wauzidwa kuti kulibe.

Chimene ndinachimvetsa mochedwa, nditayamba kufunsafunsa, ndi kusiyana kwa katulukidwe ka m'ndende pakati pa nzika ndi mlendo. Ku South Africa, lamulo la ndende la 1998 limalola kuti akaidi ambiri aganiziridwe zotuluka pa parole, kutanthauza kukamalizira chilango kunja kwa ndende akuyang'aniridwa, akaseweza theka la chilango chawo. Nzika ya dzikolo ikatuluka motero imakhalabe pa chingwe: imayenera kukhala ndi adiresi yodziwika, imayenderedwa ndi oyang'anira, imapatsidwa malire a kumene ingapite ndi nthawi yokhala panyumba, ndipo ikaphwanya mfundozo imabwezedwa kundende. Ambiri amaona izi ngati chipsinjo, komatu ndiwo mlatho umene munthu amawolokera pang'onopang'ono kuchoka ku moyo wolamulidwa pa chilichonse kufika ku moyo wodzilamulira. Mlendo wopanda chilolezo chokhalira m'dzikomo saponda pamlatho umenewu. Iye amaperekedwa m'manja mwa a zolowa ndi zotuluka, ambiri amadutsira ku Lindela, malo osungirako oyembekeza kubwezedwa kwawo amene ali ku Krugersdorp, kenaka amakwezedwa galimoto mpaka ku Beitbridge. Pachipata chimenechi pali malo olandirira obwezedwa amene anatsegulidwa mu 2006 mothandizidwa ndi IOM, bungwe loona za anthu osamuka m'mayiko, ndipo ena otere anatsegulidwa ku Plumtree mu 2008 kaamba ka obwezedwa kuchokera ku Botswana. Malowa athandiza anthu ochuluka ndi chakudya, mankhwala ndi ulendo wopita kwawo, koma thandizo lotere ndi la pofikira chabe. Munthu amene dzana ankauzidwa nthawi yodzuka, yodya ndi yogona amapezeka ali pa depoti ya basi, popanda woti akaonekere kwa iye mawa, popanda amene angadabwe akasowa.

Ndende ya Chikurubi siili kutali ndi kwathu, ndipo ndaona mmene zimakhalira mwana wa mnansi akamangidwa kumeneko. Mayi ake amaphika, n'kukwera kombi kukamuona, abusa amapitako, aneba amadziwa ngakhale asanene, ndipo manyazi amene amapweteka kwambiri m'miyezi yoyamba amanka naphwa, kotero kuti tsiku lotuluka likamafika anthu amakhala atazolowera kale kuti uje akubwera ndipo akuchokera kwakuti. Womangidwa kunja alibe zimenezi. Mnyamata wathuyu anakhala zaka zinayi osalandira mlendo ngakhale mmodzi, ndipo tsiku lina, patapita nthawi yaitali, anandiuza kuti, "Tsiku la alendo, amalume, ine ndinkagona chafufumimba n'kufunda bulangete kumutu kuti ndisamve mayina akuitanidwa." Mkaidi wopanda alendo alibe sopo, alibe fodya, alibe ndalama yoimbira foni, ndipo m'ndende zinthu zimenezi ndizo chuma. Amazilandira kwa akaidi anzake, koma chopatsidwa m'ndende ndi ngongole. M'ndende za ku South Africa muli magulu a manambala, a 26, a 27 ndi a 28, amene akhalamo kwa zaka zoposa 100 ndipo ali ndi malamulo ndi maudindo awoawo. Iye amanena kuti sanalowe gulu lililonse, ndipo ine ndimamukhulupirira, koma amene anamuteteza ndi kumugawira kangachepe m'zaka zimenezo ndiwo anasanduka abale ake, ndipo manambala awo a foni anatuluka nawo ali pamtima pomwe nambala yanga anali ataiiwala.

Masabata oyambirira ndinamusunga kunyumba kwanga. Ankadzuka kusanache, kupinda bulangete mosamala kwambiri, n'kukhala m'mphepete mwa bedi manja ali pamaondo. Mayi a kunyumba anamupeza tsiku lina ataima kuseri kwa chitseko cha chipinda chake, chitseko chongotseka chosakhoma, akudikira kuti wina amutsegulire. Pakudya ankatchinga mbale ndi mkono wamanzere, akumeza mbamu mofulumira ngati wina amulanda, ndipo akafuna kupita kuchimbudzi ankayamba wandiyang'ana ine. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anamudumphira kumbuyo mwamasewera, ndipo iye anatembenuka chibakera chili m'mwamba. Atazindikira kuti ndi mwana anatuluka panja, ndipo ndinakamupeza kuseri kwa nyumba akulira mopanda mawu. Zonsezi tinkaziona, koma palibe amene anamukhazika pansi n'kumufunsa zimene anakumana nazo. Tinkati zitha zokha akazolowera, ndipo kunena zoona tinkaopa kumva.

Kenaka panali nkhani ya chitupa, chimene chinatayika tsiku lomwe anamangidwa pamodzi ndi katundu yense wa m'kachipinda kamene ankachita lendi. Kwa ife ana ndi zidzukulu za matchona kutaya chitupa ndi nkhani yaikulu. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira kuno kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka ali alendo m'dziko lomwe anabadwira, atanyamula zitupa zowasonyeza kuti si nzika. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 43, anazindikira kuti ndi nzika munthu wobadwira kuno amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC, bola ngati ankakhala m'dziko muno pa nthawi imene malamulowo ankasindikizidwa. Papepala nkhaniyo inathera pomwepo, koma munthu amayenera kutsimikizira mbiri yake ndi kalata ya kubadwa ndi mapepala a makolo, amene m'mabanja ambiri a m'mafamu ndi m'malokesheni anatayika kapena sanatengedwe n'komwe. Ndinayenda naye maulendo asanu ku ofesi ina, ulendo uliwonse tikuuzidwa kuti tibwere ndi pepala lina, mpaka iye anagwa ulesi. Wopanda chitupa sangalembetse layini ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti ku banki, ndipo ngakhale ntchito ya ulonda imamudutsa. Tikubwerera ulendo wachisanu anandifunsa m'kombi, motsitsa mawu, kuti, "Amalume, ku Joni ankanditcha mlendo, kunonso akundifunsa kuti ndine wakuti, ku Dedza sindinapondeko. Nanga kwathu n'kuti?" Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, koma mwambiwo unanenedwa kwa anthu amene kwawo kunali kosakayikitsa, ndipo ine ndinasowa chomuyankha.

Amene anali ndi yankho ndi anzake a kundende aja. Foni ya mayi ake inayamba kulira usiku, iye n'kumakayankhira panja. Anamulonjeza pogona ndi ntchito, namulipirira malayitsha, aja onyamula anthu ndi katundu pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, kuti adzabweze ndalamayo akafika. M'mawa wina anati akukaona mnzake ku Mbare, ndipo sanabwerere. Apa m'pamene mawu oti kabwerebwere amabisa zambiri. Lamulo la zolowa ndi zotuluka la ku South Africa la 2002 limati munthu amene anabwezedwapo kwawo ndi woletsedwa kulowanso pokhapokha akuluakulu a nthambiyo atamuchotsera chiletsocho, ndipo kulowa kapena kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandu umene ungamutengere munthu kundende. Choncho mlandu wachiwiri umayamba phazi likangoponda tsidya lina la Limpopo, munthu asanakhudze chinthu cha mwini. Akafika sangagwire ntchito yoonekera, sangachite lendi m'dzina lake, bwana akamumana malipiro sangakadandaule kupolisi, ndipo ali ndi ngongole kwa anthu omwe amadziwa njira imodzi yokha yopezera ndalama. Anamugwira ali m'galimoto imene inanyamula katundu wakuba, atatumidwa kuti akangoperekeza, ndipo khoti litaona mbiri yake silinamumvere chisoni.

Sindikulemba izi kuti ndimuyeretse. Nyumba imene anathyola poyamba paja inali ya munthu, mwina mayi wovutikira ana ake ngati achemwali anga, amene anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza chitseko chili pululu, ndipo mantha a mayi ameneyo sanathe tsiku limene chigamulo chinaperekedwa. Ndikudziwanso kuti pali ena amene amabwera kuchokera kundende za kunja atanola luso la umbanda, n'kuyamba kuzunza anthu kapena kugulitsa mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro kwa ana a sukulu, ndipo aneba amene amaopa anthu otere ali ndi chifukwa chomveka. Koma chinsinsi cha banja sichiteteza ngakhale anebawo. Ngati wobwerayo ndi woopsa, kubisa kumasiya anthu akugona osadziwa amene ali naye pafupi. Ngati ndi munthu wofuna kusintha, kubisa kumamumana maso omuyang'anira ndi manja omugwira. Mbali zonse ziwiri amene amapindula ndi bodza ndi aja oimba foni usiku, chifukwa ndi okhawo amene munthuyo angalankhule nawo popanda kunamizira.

Enanso amachokera kutali kuposa ku Joni. Lamulo la ku Britain la 2007 limati mlendo amene wagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposerapo abwezedwe kwawo, kupatula pa zifukwa zowerengeka, ndipo mu Julaye 2021 ndege yobwerekedwa ndi boma la dzikolo inatera kuno ku Harare ndi anthu 14, amene anatengeredwa ku Darwendale kukabindikiritsidwa kaamba ka Covid-19. Nyuzipepala zinalemba za iwo kwa masiku angapo, kenaka nkhaniyo inazilala. Munthu amene wakhala kunja zaka zambiri, n'kusiyako mkazi ndi ana, amafika m'dziko limene ndalama yake, misewu yake ndi kapezedwe kake ka ntchito zinasintha iye kulibe, ndipo alibe mtsinje woti awoloke usiku kuti abwerere. Abale ake nawo amayamba kufunafuna bodza loti auze aneba.

Zolembedwa zabwino zilipo. Malamulo a United Nations a kasamalidwe ka akaidi, amene anavomerezedwa mu 2015 n'kutchedwa dzina la Nelson Mandela, amanena kuti udindo wa anthu pa mkaidi sutha tsiku limene watuluka, ndipo amatchula zimene wotuluka ayenera kuthandizidwa nazo: zitupa, pokhala, ntchito, zovala zoyenera ndi ndalama yofikira kwawo. Mu 2019, pamsonkhano wa ku Dar es Salaam, mayiko a SADC anavomereza pangano loti mkaidi athe kusamutsidwa kukamalizira chilango m'dziko lakwawo, ndipo mwa zonse zimene maboma angachite, ichi ndicho ndimachiona kuti chingasinthe zinthu kwambiri. Mwana wathuyu akanathera chaka chake chomaliza ku Chikurubi, kapena kundende yotseguka ya Connemara, mayi ake akanamuona ndi maso, bodza la famu ya mphesa silikanakhalitsa, ndipo nkhani ya chitupa ikanayambika asanatuluke. Kuno kwathu lamulo latsopano la ndende la 2023 linakhazikitsa dongosolo la parole, ndipo mabungwe monga ZACRO ndi Prison Fellowship akhala akuthandiza akaidi ndi otuluka m'ndende kwa zaka zambiri. Koma wochokera kunja dzina lake silili m'buku la ndende iliyonse ya kuno, kotero kuti safika pakhomo la mabungwe otere pokhapokha wina atamugwira dzanja n'kupita naye, ndipo woyamba kugwira dzanjalo ayenera kukhala wachibale amene wavomera kunena zoona.

Ulendo wachiwiri tinadziwiratu mwezi umene adzatuluke. Ndinapita kwa mayi ake madzulo ena n'kuwauza kuti, "Achemwali, ulendo uno ndikanena ku sosaite." Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Achimwene, mukufuna mundivule pagulu?" Ndinawayankha kuti anthu akudziwa kale, chimene chatsala n'choti atimve tikunena ndi pakamwa pathu. Analira, kenaka anati ndichite monga ndaonera popeza mbumbayi ndi yanga.

Pamsonkhano wotsatira, nditatha kuwerenga zomwe tinakambirana mwezi wathawo, ndinaika cholembera pansi n'kuimirira. Ndinafotokoza zonse, mlandu woyamba, bodza lathu, miyezi isanu ndi iwiri ija ndi mlandu wachiwiri, ndipo ndinapempha kuti mwanayo timulandire monga tikanamulandirira akanabwera m'bokosi, pakuti mayi ake akhala akumulipirira zopereka mwezi ndi mwezi kuyambira ali wakhanda. M'chipindamo munangoti zii. Woyamba kulankhula anali msungichuma, amene anati, "A mlembi, ndalama za m'buku ili ndi za maliro, si zolerera akuba." Mawuwo anandilasa, koma pa malamulo a sosaite sanalakwe, ndipo ndalamazo ndi za amasiye ndi okalamba amene amazisonkha movutikira. Bambo ena amene okala yawo inathyoledwa kawiri analankhulanso mowawidwa mtima, ndipo ndinawamvetsa. Kenaka agogo ena aakazi, mmodzi mwa ochepa otsala amene anabwera kuno nthawi ya chitaganya, anamasula mfundo ya pachitenje chawo, naika madola awiri patebulo, nati, "Iyi si ya m'buku. Mwanayo ndinamunyamula ine tsiku la ubatizo wake, ndipo sindinamve kuti ubatizowo unafufutidwa." Ena anatsatira, ena anakhala manja ali m'thumba, ndipo sitinawaumirize.

M'mawa umene anafika tinali anthu asanu pa Mbare Musika, ndipo tinalowa naye m'lokesheni dzuwa litatuluka. Mkulu wa mpingo wina amene ndi mmisiri womanga nyumba anamutenga kuti azikanya matope ndi kunyamula njerwa, akudziwa zonse, ndipo anagwirizana naye pamaso panga kuti miyezi itatu yoyamba theka la malipiro ake lizipita kwa mayi ake kuti lisungidwe. Mayi ena amene anapuma pantchito ya uphunzitsi, odziwa kuleza mtima pamzere ndi kulemba makalata, anatenga nkhani ya chitupa ngati yawo, ndipo patatha miyezi inayi chitupacho chinatuluka. Abusa amacheza naye Lachinayi lililonse, ndipo zina zimene amakamba kumeneko ine sindizifunsa. Si zonse zili bwino. Alipo aneba amene amaanula zovala pachingwe akamuona akudutsa, ndipo tsiku lina wilibala itasowa pamalo antchito maso onse anagwera pa iye, mpaka itapezeka kwa mnyamata wina amene anaibwereka osanena. Usiku umenewo sanadye, ndipo ndinakhala naye pakhonde mpaka pakati pa usiku chifukwa ndinkadziwa kumene maganizo ake ankalowera. Patha chaka ndi miyezi iwiri tsopano, ndipo sindinganene kuti nkhondoyo yatha, chifukwa malipiro a mthandizi wa mmisiri ndi ochepa ndipo Joni akadali pomwe anali. Mwezi watha anandipatsa foni yake n'kundionetsa nambala ya ku South Africa imene inamuimbira katatu, nati, "Amalume, akuimbabe." Ulendo woyamba uja ankayankhira kuseri kwa nyumba.

Ku sosaite ndapereka ganizo loti titsegule buku lachiwiri, losiyana ndi la maliro, loti aliyense wofuna aziponyamo kangachepe kolandirira obwera amoyo: ndalama ya basi kuchokera pachipata, ya mapepala, ndi chakudya cha mwezi woyamba, komanso mayina a amisiri ndi ochita geni amene angalole kutenga munthu mmodzi. Msungichuma akukanabe, akuti tikatero tikhala ngati tikuuza anyamata kuti apite akalakwe popeza kwawo kuli thumba lowadikira, ndipo nkhaniyi tidzaikambirananso mwezi wamawa. Sabata yatha, kutangoyamba kuda, kunyumba kwanga kunafika mayi ena a mumpingo mwathu amene kwa zaka ziwiri akhala akutiuza kuti mwana wawo wamkazi akugwira ntchito m'saluni ku Francistown, ku Botswana. Anakana mpando, nakhala pamkeka pafupi ndi mayi a kunyumba, ndipo atazungulira nkhani zina kwa kanthawi anafunsa motsitsa mawu kuti, "A mlembi, anthu aja munapita nawo ku Mbare, angadzukenso m'mamawa chifukwa cha mwana wanga?" Mtsikanayo akutuluka miyezi itatu ikubwerayi ndipo adzalowera pa Plumtree. Ndawauza kuti pamsonkhano ndidzaima pambali pawo koma adzalankhule okha, ndipo dzina lawo ndalilemba kale pamndandanda wa zokambirana, pansi pa nkhani ya buku lachiwiri.